Chinaka Chokana Feteleza

Fungo la matope a m'dambo, lija lofanana ndi la mtsuko watsopano wothiridwa madzi koyamba, limandibwezera ku Area 25, chaka chimene ndinali Sitandade 4. Tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwenikweni kwa malayini, ndipo kuseri kwa bafa yathu kunkayambira dambo lotsetsereka mpaka kukhwawa. Mphepo ikachokera ku Kanengo inkabwera ndi fungo la fodya, koma ikatembenuka linali dambo lokhalokha: udzu wonyowa, ndowe za mbuzi, ndi achule osatopa kulira.

M'dambomo munali malo amodzi, osaposa mphasa ziwiri kukula kwake, pomwe pankamera maluwa amene sindinawaonenso kwina kulikonse. Anali ofiirira mopepuka, atandandana pa kaphesi kamodzi kowongoka. Anandionetsa ndi Anyagondwe, mayi wa ku Rumphi amene ankagulitsa tomato pafupi ndi nyumba yathu. Anati dzina lake ndi chinaka. Pansi pake pamakhala timbatata ting'onoting'ono timene kwawo amasinja, n'kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo, n'kuphika mpaka kulimba ngati nyama. Ankati kumudzi kwawo anthu anachikumba mpaka chinasowa, moti tsiku lomwe anachipeza mu Lilongwe muno anangokhala pansi m'matope momwemo. Iwo ankakumba kamodzi pachaka, tongodzaza dzanja, ndipo sankauza ngakhale amayi anzawo a kutchalitchi.

Chaka chimenecho Abambo, atatopa ndi lendi, anapeza puloti chakumtunda. Anapangana ndi anyamata oumba njerwa kuti mvula ikangokata ayambe kukumba dothi m'dambomo. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza zikhomo atakhoma, ndipo chinaka chathu chili pakati penipeni.

Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, ndinachonderera kuti zikhomo azisunthe pang'ono chabe. Amayi anandiyankha kuti munthu sagona m'maluwa. Anyamata aja anandiseka, amvekere dothi labwino lili pomwepo. Palibe chowawa kwa mwana ngati kudziwa chinthu bwinobwino koma mawu ako n'kumangopita ndi mphepo. Ndinkapsa mtima kwambiri, akuluakulu n'kumati ndi njala.

Abambo sanali munthu wankhanza. Vuto lawo linali loti ankamva nkhani theka, theka linalo n'kumalizitsa okha. Loweruka m'mawa anatenga khasu ndi beseni, natsikira kudambo akuimba mluzu. Anazula chinaka chonse, osasiyako n'chimodzi chomwe, nachikutumula dothi bwinobwino monga amachitira ndi mbande za fodya kwawo ku Dowa. Kenako anaunga mzere wokongola pambali pa chimanga chathu, padothi lofiira louma, nachibzala motalikana mofanana.

Anyagondwe atamva, anabwera akupukuta manja pachitenje. Ananjuta kaye, kenako anati, "Abambo a Tadala, ichi sichobzala ayi. Chimafuna dothi lake lomwe lija, ndiponso feteleza chimakana."

Abambo anaseka mwaulemu. "Amayi, ine ndinakulira m'munda. Kulibe mbewu yokana feteleza."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi kajumbo ka feteleza amene ankasunga pansi pa bedi. Paphando lililonse anaboola ndi kamtengo, nathira kachitsekero ka botolo kodzadza, nakwirira ndi chidendene. Ndinawagwira mkono, iwo anandisisita mutu poganiza kuti ndikuthokoza. Anyagondwe anabwerera kutomato wawo.

Ndinathirira mzerewo m'mawa ndi madzulo, kuganiza kuti mwina madzi atsuka fetelezayo. Masamba anayamba kupsa kunsonga, kenako anagona pansi ngati bonongwe wofutsa. Nditafukula ndi chala, timbatata tija tinali titasanduka phala lonunkha. Ndinathamangira kudambo kukaona ngati khasu la Abambo linaphonya kalikonse. Ndinapeza dzenje lofika m'chiuno, madzi odetsedwa ali pansi, ndipo njerwa zaziwisi zitayalidwa padzuwa mpaka kutali. Mnyamata wina anandiuza kuti ndichoke, ndingawapondere njerwa.

Nditakawauza Anyagondwe, anapitiriza kuunjika tomato wawo. Patapita kanthawi anangoti, "Basi, chatha, mwana wane." Abambo nawo anaima pamzere paja nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, kenako ananena kuti mwina feteleza anachepa. Mwezi wonse sindinawalankhule, kupatula moni wam'mawa amene Amayi ankandikakamiza.

Ndili mwana ndinkati Abambo anapha chinaka chifukwa cha liuma. Lero ndimadziwa kuti feteleza uja anachita kumana chimanga chathu, ndipo panalibe china chamtengo chimene akanapatsa mwana wawo wolira. Komabe kudziwa zimenezi sikunauthetse mkwiyo wonse. Dambo lija tsopano ndi nyumba zokhazokha, ndipo duwa lija ndimalifunafuna kulikonse komwe ndapita, osalipeza. Nyumba imene Abambo anamanga ilipobe, ndipo ndi mmene tonse tinakulira osaopanso alandilodi. Mvula yoyamba ikamenya khoma lakuseri, lomwe sanalipake pulasitala mpaka lero, m'chipinda changa chakale mumamveka fungo la dambo.