Firenze ya a Saverio

Ife oyendetsa mabasi a alendo tili ndi matenda amodzi: mzinda uliwonse umene tinaimikamo basi timati tikuudziwa. A Saverio Lorusso a ku Bari, kumwera kwa Italy, matendawa anawalowa mpaka m'mafupa. Moyo wawo wonse ankatenga alendo kupita nawo ku Siena, ku Pisa ndi ku Firenze, ndipo akabwera kunyumba ankasimba mpaka chakudya kuzizira. Mkazi wawo Filomena, amene anali asanatulukepo m'chigawo chathu, ankangomeza mate. Chomwe ankalakalaka chinali chimodzi, kuona tchalitchi chachikulu cha ku Firenze maso ake asanafooke.

Atapuma pa ntchito, a Saverio analibenso pothawira. Onse awiri anakwera sitima ya ku Firenze, mayi atavala nsapato za Lamulungu.

Potsika, miyendo ya bamboyo inangolondola kumene inazolowera. Anayenda mpaka nsapato zinayamba kumuluma Filomena, n'kutulukira pa bwalo la mabasi. Pakona panali ngolo ya Duilio, wogulitsa buledi woikamo nthumbwana za ng'ombe zowiritsa.

"Saverio, nkhalamba iwe, basi waisiya kuti?" anatero Duilio, akuviika buledi mumsuzi. "Mayi, mwamuna wanuyu ndi kasitomala wanga. Alendo akangotsika iyeyu ankakhala pa mpando uwu, kudya, kugona, kudzuka n'kuyamba kuimba hutala. Msewu uwo sanawolokepo."

Filomena anatafuna pang'onopang'ono. Buledi anali wopanda mchere, monga amaphikira a kumeneko.

"Iwe Saverio, tchalitchi chili mbali iti?"

"Chili... denga lake limaoneka ukaima pamene paja pali zimbudzi."

"Ndakwatiwa ndi katswiri wa zimbudzi za Italy yense."

Manyazi anawagwira a Saverio, koma chimene chinawapweteka kwambiri n'kuona mapazi otupa a mkazi amene anawakhulupirira. Kufunsa njira kwa Duilio kunali kudzivula pagulu. Mwamwayi panadutsa mtsikana wotsogolera alendo atakweza ambulera yofiira, anthu akumulondola ngati anapiye. A Saverio, amene ankaseka maambulera amenewa kuyambira unyamata, anagwira mkazi wawo dzanja n'kulowa kumchira kwa mzerewo, chipewa atachitsitsira kumaso kuopa anzathu a mabasi.

Safunsa anadya phula, koma ulendo uno ambulera inawapulumutsa. Anakafika kutchalitchi kuja.

M'katimo Filomena anachita chizindikiro cha mtanda, misozi ikutsika. A Saverio anakweza mutu kuyang'ana denga lozungulira lija, lodzaza zithunzi mpaka pamwamba penipeni, ndipo anaima choncho mpaka khosi linauma. Mtsikana wa ambulera anatuluka ndi anthu ake, iwo osasuntha.

"Tiye, sitima itisiya," anatero Filomena.

"Dikira pang'ono." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndiye anthu aja ankachedwera zimenezi. Ine n'kumawaimbira hutala."