Njinga ya Alamu Inandichotsa pa Chikamwini

Inu owerenga, ndikulemba izi ndili kwathu kufupi ndi Milepa, m'kanyumba kamene mlongo wanga ankasungiramo makasu. Mkazi ndili naye, ana ndili nawo, koma iwo ali ku Mbulumbuzi, ine ndili kuno. Sindinabe, sindinamenye munthu, ndipo mowa ndinasiya kalekale. Cholakwa changa n'chakuti ndinadziwa chimene chinkavuta pa njinga ya alamu anga, koma ndinatseka pakamwa poopa kuoneka wamwano. Ndatopa kufotokozera aliyense wondifunsa panjira, ndiye ndilembe kamodzi, mwina wina zingamuthandize.

Ndinakwatira ku Mbulumbuzi ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Mlongo wake wa mkazi wanga amagwira ntchito pa famu ina ku Joni. Chaka china anatumiza njinga yamoto ya matayala anayi, imene anagula kwa abwana ake itatha kale ntchito. Popeza ndisanakwatire ndinachitako kabaza wa njinga zamoto ku Limbe, makiyi anabwera kwa ine. Pa foni alamuwo anangoti, "Alamu, yendetsani, koma mundisamalire. Ndikamabwera ndidzaipeze ikulira."

Tinaikhomera kangolo kumbuyo, ndipo ndinayamba kututa chimanga ndi nandolo wa anthu kuchokera kuminda kupita kumsewu. Kunena zoona, apa m'pamene ndinayamba kuoneka ngati munthu pamudzi paja. Mkamwini amene kale ankangotumidwa kukadula nsungwi tsopano ankapatsidwa mpando. Poopa akuba, njingayo tinkaigoneka m'chipinda chimene tinkasungiramo matumba a mbewu.

Chilimwe chitafika inayamba matenda. M'mawa sinkalira popanda kukoka choko, kowonjezera petulo injini ikazizira. Ikatentha, ndikasiya kuipatsa moto, injini inkapitirizabe kulira mokweza ngati pali wina akuikanikiza, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Potsetsereka inkaphulika kumbuyo kuti phwa, phwa, mpaka agalu kuthawa, ndipo kutentha kwake kunkandiwotcha akatumba. Nditamasula pulagi yoyatsira moto mu injini, ndinaipeza yoyera ngati ufa. Ndinagwada n'kutchera khutu, ndipo ndinamva kamluzu kakang'ono pamene kabureta, wosakaniza petulo ndi mpweya, amalumikizana ndi injini, pa labala wakuda wolumikiza ziwirizi. Zimenezi ndinaziona ku kabaza. Injini inali kuba mpweya pambali, ndiye mpweya unkachuluka kuposa petulo. Ndinati mawa lake ndichotsa mpando ndi mapulasitiki, ndione labalayo bwinobwino.

Mawa lakelo kunabwera atsibweni ake a mkazi wanga. Iwowa ndiwo eni mbumba. Ndiwo anavomera ukwati wanga, ndiwonso anandiloza munda umene ndinkalima. Ali mnyamata anagwirako ntchito pachigayo, ndipo chiyambire pamenepo chilichonse cholira iwo ndiwo dokotala wake. Injini ya chigayo ndi ya dizilo, ilibe n'komwe kabureta, koma zimenezo akanawauza ndani? Anazungulira njinga ija manja ali kumbuyo, anthu akhala pakhonde kuonerera, kenako anagamula.

"Njala iyi, akamwini. Petulo sakukwana. Tsegulani apo tikuze jeti."

Jeti ndi kachitsulo ka mkuwa ka m'kabureta, kali ndi kabowo kamene petulo amadutsira. Kabowoko anakayeza kufakitale, sikofunika kukagwira ndi chitsulo ayi. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinayang'ana apongozi anga aakazi, ndinayang'ana anthu aja, pakamwa panatsegukadi, koma chimene chinatuluka ndi "Chabwino, bambo." Sipanala ndinakatenga ndekha. Kabureta ndinamasula ndekha, kuchokera pambali, labala uja osamugwira n'komwe. Atsibweni anaitanitsa singano, anaipota m'kabowo kaja, anati sikunakwane, anapotanso ndi kawaya.

Choipa n'chakuti poyamba zinaoneka ngati zatheka. Pamsewu kuphulika kuja kunachepa, ndipo atsibweni anayenda mudzi wonse akunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Koma njinga inayamba kumwa petulo ngati ikutayira pansi. Utsi unada, pulagi inkada mwaye, ndipo ndikaima injini inkathamangabe yokha. Kamluzu kaja sikanasiye. Amuna a pamudzi anaona kuti khomo latseguka, aliyense wodutsa ankapempha sikuludiraiva n'kupotako kasikuluwu ka pambali pa kabureta, wina kumanja, wina kumanzere. Ine ndinkangoima poteropo ngati njingayo sindikuidziwa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaone labalayo pandekha, popanda wondiona. Funso limeneli ndadzifunsa mpaka mutu kuwawa. Ndikanapeza bowo, ndiye kuti ndanena poyera kuti atsibweni analakwitsa. Ndikanayeneranso kuimbira alamu kuwauza kuti jeti yawo yaonongeka ine nditagwirizira. Zonse ziwiri zinandilemera, ndiye ndinasankha kusadziwa. Mkazi wanga anaona kuti sindili bwino, anandifunsa kangapo chimene chikundidya. Ndinkangoti palibe, ndi kutopa chabe. Nandolo anali atauma m'minda, anthu akundidikira, ndipo ndinkangoyenda m'fumbi la mwezi wa Okutobala ndikudzinamiza kuti ndikonza ntchito ikachepa.

Inafera panjira yopita ku Namadzi, nditanyamula nandolo wa eni ake. Mphamvu zinayamba kutha pachitunda, utsi unasanduka wabuluu, kenako zii. Ndinayesa kuiliza mpaka batire kutha. Matumba anachita kutengedwa ndi anyamata a njinga zakapalasa, ndipo njingayo tinaikweza pa kalole kupita nayo kwa makaniko wina pa Namadzi pomwepo.

Makanikoyo sanachedwe. Anachotsa mpando, anapisa dzanja kunsi kwa labala uja, anamumasula n'kundionetsa. Kunsi kwake kunali bowo loti chala chaching'ono n'kulowa, m'mbali mwake muli mano a makoswe. Makoswe a m'chipinda cha mbewu chija ndiwo anayamba ntchitoyo. Anandifotokozera kuti pabowopo sipankalowa mpweya wokha. Fumbi lonse la m'misewu yathu linkalowera pomwepo osadutsa pa fyuluta yosefa mpweya, n'kumakapala maring'i ndi silinda m'kati mwa injini ngati mchenga wotsukira mapoto. Petulo wochuluka wa jeti yokuzidwa ija anamalizitsa potsuka oyilo wa m'silindamo. Zipangizo za njinga yamtunduwu ku Limbe sizipezeka, mpaka kuitanitsa ku Joni. Atatha anandifunsa kuti, "Koma achimwene, simunamveko kamluzu?" Ndinati ndinakamva. Anangopukuta manja n'kupita pa njinga ina.

Alamu anabwera pa Khirisimasi n'kupeza njinga yawo ili pa njerwa, yofunditsidwa matumba. Sanakalipe tsiku limenelo, ndipo kusakalipako kunandiopsa kuposa mawu. Patapita masiku anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Nkhani ya jeti itatchulidwa, atsibweni sanatekeseke n'komwe.

"Ine ndinangopereka maganizo. Makiyi anali ndi yani?"

Sananame. Makiyi anali ndi ine. Poganiza kuti ndidziombola, ndinaulula kuti ine ndinali nditamva kale kuti vuto ndi labala, kungoti sindinafune kutsutsa akuluakulu. Apa m'pamene ndinadzimangirira chingwe. Alamu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye munkadziwa, n'kumaiyendetsabe?" Atsibweni nawo anakwiya kuti ndawachititsa manyazi pagulu, manyazi omwewo amene ndinaphera injini powapewa. Anagamula kuti ndipite kwathu ndikapume kaye, mitima itsike. Inu a kuno mukudziwa kuti kupuma kotereku sakuuza tsiku lobwerera. Chimanga chimene ndinabzala ndi mvula yoyamba akupalira ndi ena.

Ndiye ndikupempheni, inu amene muli ndi njinga, kaya ya matayala awiri kaya anayi. Ikamavuta kulira m'mawa, ikamathamanga yokha mutasiya moto, ikamaphulika ndi kutentha, musathamangire jeti. Yambani mwaona malabala ndi zomangira zake, kunsi komwe. Ilizeni, muwaze timadzi ta sopo pamalumikiziro. Kulira kukasintha, mpweya ukulowera pamenepo. Jeti ikatsekeka itsukeni ndi petulo n'kuiuzira, singano ndi ya zovala. Ndipo njinga musaigoneke pamodzi ndi mbewu.

Koma chachikulu si chimenecho. Tsiku limene ndinkachoka, mkazi wanga anandinyamulira chikwama mpaka kumsewu. Sanalire. Tikudikira minibasi anati, "Atsibweni ndi anga, ndimadziwa polowera. Mukanandiuza ine, ndikanakawanyengerera kuseri, inu osaoneka wamwano. Ndinakufunsani, munati palibe. Nanga pabwalo paja ndikanakuikirani kumbuyo ndi chiyani?"

Akamwini anzanga, ulemu ndi wabwino, koma chinthu akakusungitsani, mlandu wake udzafuna inu, osati amene anapereka maganizo. Ngati simungathe kutsutsa mkulu pagulu, kanenereni kuseri. Ngati nakonso kukukanikani, uzani mkazi wanu. Ine ndinkagona naye pamphasa imodzi munthu amene akanandipulumutsa, ndipo ndinamuuza kuti palibe.