Makina Amene Sanagulitsidwe

Tsiku limene Mayi Telala anasokerera mkono wa malaya chozondoka, n'kupereka kwa mwini wake osadziwa, ndi limene anavomera kuti maso atha. Matenda a shuga anawadya pang'onopang'ono, ndipo dokotala anali atanena kale kuti sadzaonanso. Anafunditsa makina awo nsalu, n'kukhala pampando wa pawindo ngati katundu woiwalika.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, anabwera ndi maganizo opsa kale. "Amayi, simungakhale nokha muno. Pakatha miyezi iwiri ndibwera ndi galimoto. Makinawa tigulitsa, inu mukakhala kwathu."

M'nyumbamo anali atakhalamo zaka makumi atatu. Mapazi awo ankadziwa pamene simenti inang'ambika. Kwa mwanayo akanangokhala mlendo wogwiridwa dzanja popita kubafa. Koma akanakana bwanji, popeza panalibe ndi mmodzi yemwe wowazonda?

Tinene zoona, izi anazifesa okha. Mayi Telala anali aluso koma omana. Munthu akalowa iwo akudula nsalu, ankabisa mapepala odulira pansi pa pilo. Wofunsa kaikidwe ka zipi ankangomuyankha kuti, "Bweretsani ndikusokereni."

Sabata yachiwiri kunabwera mayi woyandikana nawo nyumba, amene onse ankawatcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipankazima. Ananyamula siketi ya yunifomu yong'ambika.

"Ndamva kuti mwapuma ntchito, anzanga. Ndiye mwana wanga azipita kusukulu mbuyo ili pamtunda?"

"Sindikuona. Pitani kwina."

"Maso ndili nawo ine, awiri, ongoonera za eni. Bwerekani."

Mayi Telala analoza kumene kunali makina. "Chotsani nsaluyo pamakinapo. Musakhudze china chilichonse."

A Wailesi anapalasa makinawo ngati njinga yothawira galu. Asanafike pakati, Mayi Telala anakweza dzanja. "Imani. Ulusi wam'mwamba wakunga kwambiri."

"Mwaona bwanji?"

"Ndamva. Makina akamalira choncho ndiye kuti akutsamwa. Masulani pang'ono kachitsulo kozungulirako."

Siketi itatha, Mayi Telala anayendetsa chala pamsoko. "Iyi ndi njira ya woledzera. Phwasulani." A Wailesi anaphwasula katatu. Kachinayi chala chinayenda osapunthwa.

M'mawa mwake a Wailesi anabwera ndi mitanda iwiri ya sopo wopanga okha. "Kusoka ndine mbuli, koma ichi ndimatha." Ndipo poti wailesi ndi wailesi, pofika Lachinayi m'nyumbamo munali amayi anayi ndi bambo wina wopala matabwa, amene ankafuna kudziwa kusoka makhushoni a mipando yake.

Mayi Telala anaika lamulo limodzi: wophunzira muno aphunzitsenso chake. Atatero anazindikira kuti lamulolo layambira pa iwo eni. Anapisa dzanja pansi pa pilo, n'kuyala mapepala aja patebulo.

Mmodzi wa amayi aja, wodziwa buledi, anaonetsa anzake kakandidwe ka ufa. Wopala matabwa anakhoma shelefu, pomwe aliyense ankasiya chimene wapanga n'kutenga chimene akusowa. Anakhomanso thabwa logwira, kuchokera kuchipinda mpaka kubafa, osafunsa munthu.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Sopo woyamba wa ophunzira anakana kuuma. Mayi wina anasiya kubwera atauzidwa kuti kolala yake ikuoneka ngati khutu la bulu. Mayi Telala anapita okha kukapepesa, akupapasa makoma. Kameneko kanali koyamba kugogoda pakhomo la mnzawo.

Miyezi iwiri itakwana, galimoto inafika Loweruka m'mawa, mwana uja ali ndi bambo wodzagula makina. Pakhomo panali nsapato zambirimbiri.

"Amayi, kwagwanji kuno?"

"Kwagwa ntchito. Usaponde nsalu."

Wogulayo atayandikira makina, mayi wa kolala uja sanadzutse n'komwe mutu. "Dikirani, bambo, ndimalize mpendero." Kumbuyo kwake kunali ena awiri oyembekezera.

Mwanayo anayang'ana shelefu, anagwedeza thabwa lija kuti aone ngati lalimba, kenako anakokera a Wailesi pambali. "Zonsezi ndaziona. Nanga akadwala?"

"Makiyi a nyumba ino tili nawo anthu atatu. Lolemba ndimabwera ine, Lachiwiri wa buledi, mpaka sabata yonse. Mankhwala timawawerengera. Vuto lawo ndi limodzi, akusowa nthawi yokhala okha."

Wogula uja anadikira ola lathunthu, n'kunyamuka ndi buledi m'khwapa. Mwanayo anatsala chiimire pakati pa chipinda.

"Uli pati?" anafunsa Mayi Telala.

"Ndili pano, Amayi."

"Paja iwenso sindinakuphunzitse. Khala apa. Wongola msana."

Makinawo akulirabe mpaka lero, pawindo lomwe lija.

Inu amene mukuwerenga, mwina china chakutherani, kaya maso, kaya ntchito, kaya mphamvu. Lirani pang'ono, kenako muwerenge zimene zatsala. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo luso lobisa pansi pa pilo silidzakugogoderani pakhomo mukadwala. Musataye mtima. Chotsani nsaluyo pamakinapo.