Mitsuko Imene Anasiya Yaiwisi

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, ndinatola kanthu koyera, kosalala, pansi pa mtengo wa magetsi ku Chimbiya. Ndinakapatsa akazi anga n'kuwauza kuti ndi chivindikiro cha tiipoti ya azungu. Mlamu wanga wogwira ntchito zamagetsi atakaona patebulo anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Anati ndi kamene kamagwira waya kuti moto usatsikire mumtengo, ndipo nakonso n'kadongo.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma pepala lililonse, ngakhale lokulungira usipa, ndimawerenga, moti pamudzi amanditcha Aphunzitsi. Ndinasakasaka zowerenga za dongo lotere mpaka ansembe ena ku Kasina anandibwereka buku lothothoka masamba. Linati dongo losefedwa bwino, likapsa ndi moto waukali m'ng'anjo yotseka, limalimba moti amaliika m'mainjini, ngakhale m'chiuno mwa munthu fupa likatha. Akazi anga anali oumba mbiya. Ndinkawawerengera zimenezi iwo akukanda dongo.

"Ndiye mukadzathyoka ndidzakuumbirani chiuno," ankatero. "Pakali pano senderani uko, mukunditchingira kuwala."

Anadwala nthawi yaitali. Anamwalira m'chisanu cha Juni, atasiya mitsuko isanu ndi umodzi kuseri kwa chitseko, yosawotcha. Mkati mwake munkaoneka mizere ya zala zawo. Dongo laliwisi silidikira munthu: denga likangodontha, limabwerera kudothi. Ine ndinkafuna mitsukoyo ikhale mpaka kale.

Kuwotcha mbiya ndi ntchito ya amayi, ndipo ndikanapempha akanabwera. Koma ndinati moto wawo wa makungwa ndi ndowe ndi wofooka. Ndinamanga kauvuni ka njerwa, n'kututa zidutswa za paini kwa ocheka matabwa kuphiri. Paini amayaka ngati wathiridwa parafini. Tsamba lonena kuti moto uziyamba pang'onopang'ono mwina linali limodzi mwa othothoka aja. Mwinanso ndinangolidumpha.

Nditalongamo mitsuko n'kuyatsa moto, ndinamva kuphulika kasanu. Mtsuko wotsalawo unali chete, koma nditaunyamula utazizira unagawikira m'manja mwanga.

Amayi achikulire oyandikana nafe, amene ankakumba dongo limodzi ndi malemu, anandipeza ndikutola mapale m'phulusa. Anatenga limodzi, n'kulitembenuza, chala chawo chikutsata mzere wa chala cha mnzawo.

"Aphunzitsi, mukanangoitana," anatero. "Musataye ngakhale limodzi. Ndikasinja, ndisakanize m'dongo latsopano. Mbiya yopanda phale siipirira moto. Pa mitsuko imene ndiumbe, umodzi wokha mudzaulandira. Koma tsiku lowotcha inu mukakhale patali, muziwerenga."