Mano a Mkamwini Wamtali

Ine ndine wamtali, ndipo nkhani yonse inayambira pomwepo. Nditakwatira kwawo kwa akazi anga, pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, ndinapeza kuti banja lonse ndi la anthu afupiafupi. Apongozi anga aamuna ankandilekeza m'khwapa. Amalume anali atandilangiza kuti mkamwini sayang'ana apongozi ake paliwombo, ndiye ndinayamba kuyenda chowerama, khosi nditalipinda, mapewa ali m'makutu.

M'mawa ndinkawerama kumunda powokera mpunga, masana ndinkawerama pabwalo chifukwa cha ulemu. Msana unauma gwa! Ndikadzuka, nsagwada zinkandiwawa ngati ndachezera kutafuna chimanga chokazinga. Akazi anga ankangoseka, amvekere, "Inu mumagaya mgaiwa kutulo."

Tsiku lina masana ndinagona pakhonde, ndipo apongozi aakazi anamva okha kukukuta kwa mano kuja. Anachita mantha. Kwa iwo, munthu amene amasekerera ali maso koma n'kumakukuta mano kutulo ndiye kuti wasunga mkwiyo, ndipo akufuna kusiya mwana wawo. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Kundifunsa sakanatha, poti mwambo sulola mpongozi kucheza ndi mkamwini pamaso. Anangoyamba kundinyengerera ndi ndiwo. Lero matemba a ku Kachulu otendera, mawa nkhuku. Ine poona nkhuku yopanda mlendo ndinati basi, akunditsanzika. Ndinawonjezera kuwerama, mano nawonso anawonjezera phokoso, nkhuku zinapitirira kutha m'khola.

Kenako ankhoswe a mbali zonse anaitanidwa. Ndinaopa kwambiri, chifukwa akazi anga ndinkawakonda ndipo sindinkafuna kubwerera kwathu nditanyamula kachikwama.

"Tiuzeni, bambo," anatero ankhoswe akuchikazi. "Chakukwiyitsani n'chiyani pamudzi pano? Mano anu akutiuza zambiri, koma pakamwa panu pali zii."

"Sindinakwiye ayi," ndinayankha. "Ndi khosi ndi msana. Ndimawerama kumunda, ndimawerama pabwalo, ngakhale polowa m'nyumba mwanga momwe, poti khomo ndi lalifupi."

"Nanga pabwalo mumaweramiranji?"

Ndinayang'ana amalume, amene anali ankhoswe anga pabwalopo. Iwo anayang'ana nyerere pansi. Nditafotokoza za malangizo aja, apongozi aamuna anaseka mpaka kutsokomola.

"Aphwanga, mwamupha mwanayu!" anatero apongoziwo kwa amalume. Kenako anatembenukira kwa ine. "Taimirirani bwinobwino tikuoneni. Takhala tikudyetsa munthu amene sitikumudziwa kutalika kwake."

Ndinaimirira. Msana unalira kuti thethethe, ndipo apongozi aakazi, amene anakhala chakumbali atafunda chitenje kumaso, anati, "Mayo ine, nkhuku zanga!" Bwalo lonse linafa ndi phwete.

Mano sanasiye tsiku lomwelo. A kuchipatala anandiphunzitsa kuwongola msana ndikamapuma kumunda, kuthowa nsagwada ndi kansalu kofunda, ndiponso kusaluma mano ndikamaganiza. Pang'onopang'ono zinachepa.

Koma m'mawa wotsatira bwalo lija, ndinamva kugogoda panja. Nditatuluka ndinapeza apongozi aamuna atakwera pamtondo, akugumula njerwa za pamwamba pa khomo lathu. Ndinati ndiwalandire hamala, anakana.

"Khalani uko," anatero osandicheukira. "Munthu amene tikufuna kuti akalambire pano sangamalowe m'nyumba mwake ngati wakuba."