Chibade pa tebulo la akulu a mpingo

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Mayi amene anaimirira pamaso pa akulu a mpingo n'kunena kuti mabuku anga sankawadziwa, ankawadziwa kuposa ine mwini wake. Ndime zina ankachita kuzinena pamtima, Chingerezi chosakhota, ali chiimire pamwamba pa ngolo.

Ine ndi mayi ameneyo, amene anali mnzanga, tinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Nsaru pamene ahedi anatulutsa katoni ya mabuku amene chiswe chinali chitayamba kudya, n'kunena kuti aliyense atolepo. Anzathu anathamangira a sayansi. Ife tinatsala ndi awiri amene panalibe wowafuna, a nkhani imodzi, loyamba ndi lachiwiri. Pachikuto panali mtsikana wa msinkhu wathu, lupanga lili m'chiuno, kumbuyo kwake mbendera yakuda ya chibade ndi mafupa. Anali mbava ya panyanja. Anaba chombo cha amalume ake amene ankafuna kumukwatitsa kwa nkhalamba, n'kumayenda nacho kulanda katundu wa olemera. Mphepo ikakana, ankatsikira pansi pa nyanja kwa mayi wina wokhala kumeneko, amene ankagulitsa mphepo mosinthana ndi tsitsi.

Nyanja tonse awiri tinali tisanaionepo. Mnzangayo anali mwana wa matenanti ochokera kummwera, ogwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndiye chombo chathu chinali ngolo ya pa esitetipo akamasula ng'ombe. Kaputeni anali iye nthawi zonse. "Iwe ndiwe wamantha, uziphika," ankatero, ine n'kuvomera, pakuti sankanama.

Buku lachitatu ndinalipeza ndili ku koleji m'tauni, kwa bambo wina woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Satifiketi ya ulembi ndinabwera nayo, ntchito ayi. Ndinakwatiwa kwathu konkuno, mabuku atatuwo n'kuwaika pansi pa zitenje mu sutikesi. Mnzanga naye anatengedwa chitengwa m'mudzi woyandikana nafe, ndipo apongozi ake aamuna anali mkulu wa mpingo wathu.

Mwana wanga anabadwa wochepa thupi. Chifuwa chikatha, kutentha thupi kumayamba, njira ya ku chipatala cha Kabudula mpaka akabaza anandizolowera. Akagona ndinkangomuika chala pamphuno. Ndikudziwa kuti ubatizo si mankhwala, sukulu ndinapitako, koma mtima wanga unkati zikavuta asapite wosabatizidwa. Kunthambi yathu abusa amabwera mwa apo ndi apo, ndipo anali atalengeza kuti adzabatiza ana tikakolola. Kholo lodulidwa mumpingo mwana wake sabatizidwa. Zimenezo aliyense amazidziwa.

Tsiku lina mnzanga anabwera kudzaona mwana, atanyamula sopo ndi mtedza. Anandipeza ndikuyamwitsa, buku lili pabondo.

"Lachitatu! Iwe, zaka zonsezi unangokhala nalo chete? Ndiwe woipa mtima eti!"

"Wophika sauza kaputeni zonse," ndinatero.

Tinaseka mpaka mwana anasiya bere. Analikulunga m'chitenje n'kupita nalo.

Inali nthawi imene nkhani za asataniki zinali m'kamwa mwa aliyense. Munthu akangomanga golosale ya malata atsopano, ankati wapita pansi pa nyanja, wapereka mwana. Ndiye apongozi aakazi a mnzanga, poyanika matiresi padzuwa, anapeza buku lija, chibade chikuwayang'ana. Sanalikhudze n'komwe. Anaitana amuna awo.

Mnzanga anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchapa matewera, maso ake ali psuu.

"Ndawauza kuti unandipatsa ndiwe, ine osadziwa za m'katimo."

"Osadziwa? Iwe?"

"Tamvera kaye. Iwe ndi mwana wa pano, amalume ako ali pompano, sangakuthamangitse. Ine andiuza kale kuti a kummwera ndife a zitsamba. Makolo anga anachoka pa esiteti, ndipita kuti ndi ana awiri? Ungovomera kuti ndi lako. Akudzudzula, basi zatha."

"Nanga ubatizo wa mwanayu?"

"Sizingafike kumeneko. Ndikulumbira."

Ndinavomera. Buku linalidi langa, ndiye ndinkaona ngati sindikunama kwambiri.

Anatiitana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi Lachisanu masana. Akulu anakhala pabenchi, buku lili patebulo, ena awiri aja nditawanyamula ndekha monga anandilamulira. Apongozi a mnzanga ankatembenuza masamba ndi bolopeni, kuopa kukhudza ndi chala.

"Mayi, tiuzeni m'Chichewa, muli chiyani umu?"

Ndinati ndi nthano chabe, zopeka, zolembera ana a sukulu kumayiko akunja.

"Ana a sukulu amawajambulira chibade?" anafunsa mkulu wina. "Satifiketi ija ndi imeneyi eti?"

Anzawo anaseka pang'ono. Ine mtima unatsika, ndikuti ngati akuseka ndiye kuti zithera pakudzudzula. Kenako anati mnzanga aimirire.

Sanandiyang'ane. Anati Chingerezi chake n'chochepa, koma ine ndinkamumasulira. Anati muli mayi wa pansi pa nyanja amene amalandira tsitsi la munthu n'kumupatsa chimene akufuna. Anafotokoza bwinobwino, mpaka mpando wa zigoba umene mayiyo amakhalapo, ine ndikudziwa kuti zimenezo zili m'buku loyamba, limene analiwerenga pangolo ine ndisanalitsegule. Apongozi ake anamufunsa ngati chilowereni bukulo m'nyumba anaona chachilendo. Apa akanatha kungoti ayi. Anati wakhala akulota madzi. Kenako anawonjezera mawu amene palibe anamufunsa.

"Komanso ndimadabwa ndi mwana wawoyu, kudwaladwala osapeza bwino. Tsitsi lake loyamba sindikudziwa kuti linapita kuti."

Mwanayo anali kumsana kwanga. Ndinkamva mpweya wake wotentha pakhosi panga. Tsitsi lakelo anameta ndi amayi anga potuluka chikuta, mnzangayo ali pomwepo, atagwira beseni.

Ndikanatha kulankhula. Ndikanati mufunseni dzina la chombocho muone ngati milomo yake siigwedezeka. Ndikanatchula anzathu a kusukulu amene ankamuona akukuwa pangolo. Koma ndinayang'ana nkhope za akuluwo ndipo ndinaona kuti ndikatero sitituluka awiri oyera, tituluka awiri odulidwa, iye n'kukawonjezera kulongedza katundu. Ndipo abusa akanabwera n'kupita mwana wanga ali panja.

Anandipatsa njira ziwiri. Ndikaumirira kuti ndi nthano chabe, andidula mpaka nkhani itafufuzidwa, ndipo kufufuza kwa kwathu kuno kulibe tsiku lothera. Ndikavomera pamaso pa mpingo kuti ndinasunga zinthu za mdima, n'kuziwotcha ndekha, andipempherera ndipo mwana alembedwa pa obatizidwa.

Bambo a mwana sanachedwe nazo. "Ndi mapepala amenewo, mayi. Wotchani. Mukufuna tikhale anthu otani pamudzi pano?"

Lamulungu tikuweruka ndinaima kutsogolo n'kunena mawu amene anandiuza. Panja anathira parafini, machesi anapatsa ine. Mapepala akale sachedwa. Amayi a mumpingo anayambitsa nyimbo, ndipo mawu a mnzanga ndinawamva bwinobwino, pakuti amaimba mokweza kuyambira kale.

Mwana anabatizidwa. Analira madzi atamukhudza, monga amachitira ana onse, koma ine ndekha ndinamva kunong'ona kumbuyo kwanga.

Zimene sindinaziganizire n'zakuti munthu ukavomera pagulu, wavomera basi. Amene anali kukayika anasiya kukayika, poti mwini wake ndinanena ndi pakamwa panga. Lero mwanayo akuyenda, wanenepa, chifuwa chinatha chokha. Amati chinatha chifukwa cha moto uja. Akapita kukasewera pabwalo la ena, sipatenga nthawi amayi a pamenepo aitana ana awo kuti adzasambe, dzuwa lili pamutu. Kumjigo, akagwira chidebe cha wina, ndimaona madziwo akutayidwa mwakachetechete ine ndikangotembenuka. Iye sadziwa kanthu, amangoseka n'kuwathamangira.

Mnzanga tsopano amatsogolera mapemphero a amayi. Tikakumana amandipatsa moni wa manja awiri, "Muli bwanji amake mwana?" ngati tinadziwana pa ukwati wa wina. Sanabwerepo kudzanena kuti pepa, ndipo ndasiya kumuyembekeza. Chimene chimandipweteka si mabuku. Ndinali nditavomera kale kumusenzera mlandu wake, ndiye panalibe chifukwa chokhudzira mwana. Ndaganiza mbali zonse. Mwina mantha anamuthamangitsa mpaka anapitirira pamene tinagwirizana. Mwina anaona kuti bodza laling'ono silingamuteteze. Koma anayang'ana m'chipinda chonse chija kufuna choti aponye pamoto kuti iye apulumuke, n'kusankha khanda limene linali kumsana kwanga.

Mwanayu chaka chamawa ayamba sukulu ya mkaka, ndipo ana anzake adzamuuza zimene amamva kwa amayi awo. Ndinamupezera ubatizo, koma ndinaugula ndi mbiri imene adzayenda nayo iye, osati ine ndekha. Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene munagwirapo mwana wotentha thupi osadziwa ngati afika mawa, tandiuzani mosandinyengerera: kodi ndinachita bwino kuvomera?