Anadula phiko la galimoto yanga, ati kodi ndi ndege

Kuseri kwa depoti ya mabasi pa boma la Mchinji kuli mkulu wina wodzitcha katswiri wa penti. Dzina lake ndi a Chimtengo. Munthu ameneyu anandiphera galimoto, ndipo mpaka lero pakamwa pake sipanatuluke mawu oti pepani.

Sekani ngati mukufuna. Inde, ndi galimoto ya rimoti, yoti mutha kuikwapatira m'khwapa. Koma si chidole cha ana. Pa esiteti ya fodya ku Mavwere, pamene ndimagwira ukalaliki, tilipo amuna asanu ndi mmodzi amene timathamangitsa timagalimoto timeneti Loweruka lililonse pa simenti ya kutsogolo kwa shedi. Chaka chino tinapangana kuti wopambana Loweruka lomaliza la Ogasiti ndiye akatiimire pa mpikisano wa ku Lilongwe. Malo amodzi okha. Ine ndinawafuna malo amenewo ndi mtima wanga wonse.

Chigoba changa chakale chinali chitang'ambika. Chigoba ndi bode ya pulasitiki yovindikira makina, ndipo wosadziwa amayesa n'chokongoletsa chabe. Bodza. Chikakhala chopepuka, chachifupi, cha mphuno yogona, galimoto imamata pansi pokhota. Phiko la kumbuyo limagwira mphepo n'kukanikiza matayala kuti asaterereke. Mlamu wanga woyendetsa thiraki anandibweretsera chotere kuchokera ku Joni, nditachidikira miyezi isanu ndi iwiri.

Chigoba chatsopano chimabwera choonekera ngati botolo, penti umaonera wekha. Lachiwiri la sabata ya mpikisanowo, 10 koloko m'mawa, ndinachitula m'manja mwa a Chimtengo. Ndinawauza katatu konse: penti wopopera, ulendo umodzi, m'kati, osati kunja. Anandiyankha kuti iwo anayamba kupenta mabasi ine ndikuyamwa, ndisawaphunzitse ntchito. Ndinapereka K850. Anati ndibwere Lachinayi.

Lachinayi ndinakwera matola mpaka pa boma. Ati penti sanaume. Penti wopopera wotani wosauma masiku awiri ndi mphepo ya Ogasiti? Lachisanu ndinapeza loko pachitseko, ati apita kumaliro ku Kapondo. Loweruka 11 koloko, mpikisano uli 2 koloko, ndi pamene anachitulutsa, akumwetulira mano onse pamtunda.

Nditachilandira, dzanja langa linatsika ndi kulemera. Anali atachimata fila, phala lija amatsekera nalo mabala a galimoto zogundidwa. Ati mizere ya pamwamba inali makwinya a ku fakitale, ndiye anandisalazira ulere. Pamwamba pa filayo anapaka penti wa mafuta, ndi bulashi, maulendo atatu, kunja. Pagalasi la kumbuyo analembapo “Zonse ndi Nthawi”, ngati ndinawauza kuti ndikukanyamula anthu ku Kamwendo. Kenako ndinaona kuti phiko palibe. Ndinafunsa.

“Kaja kanali kotsalira podula, achimwene,” anatero. “Ndachotsa ndi sizasi. Kodi ndi ndege?”

Ndinafuna kukangana nawo pomwepo. Koma nthawi inali itatha, ndipo lamulo lathu n'lakuti galimoto yopanda chigoba sithamanga. Ndinakukuta mano n'kuthamangira matola.

Mpikisano utayamba, pa mzere wowongoka galimoto yanga inanyamuka mokoka miyendo. Pakona yoyamba kumbuyo kunathawa, inazungulira pamalo amodzi. Pakona yachiwiri denga lolemeralo linaikoka, inagubuduka, matayala m'mwamba ngati mphemvu. Anthu a pa esiteti anaseka mpaka kugwira nthiti. Galimoto imene ndinaiyendetsa zaka zitatu inali itasanduka yachilendo m'manja mwanga. A Zgambo, makaniko wathu, anali atandidutsa kale kawiri.

Wina ataidzutsa, ukali unandigwira, ndinatsegula liwiro lonse. Pakona ya pafupi ndi sikelo ya fodya inakaniratu kukhota. Inakamenya mwendo wachitsulo wa sikeloyo, phwa! Tayala lakutsogolo linathothoka. Mbale ya pansi, pamene makina onse amakhala, inang'aluka pakati. Batire linauluka n'kukagwera m'ngalande. Ndinatola zidutswazo chimodzichimodzi anzanga akundiyang'ana, ndipo ndivomere, misozi inalengeza.

5 koloko ndinali pakhomo pa a Chimtengo. Ndinakhuthulira zidutswa zonse patebulo pawo. Anaziyang'ana, n'kunena kuti vuto ndi dalaivala, penti wawo sanagubuduzepo galimoto chiyambire. Anawonjezera kuti ngati ndikufuna, angathe kumatanso ndi fila.

Apa ndiye chingwe chinaduka. Ndinawagwira pakhosi pa ovolosi n'kuwakankhira kukhoma. Shelefu inagwa. Chitini cha penti wofiira chinatikhuthukira tonse awiri, ndipo amayi ogulitsa mandasi pafupi anakuwa poyesa kuti ndi magazi. Ndinali nditanyamula kale mpando pamene amuna awiri a njinga za kabaza anandigwira manja. Akanachedwa pang'ono, bwenzi nkhaniyi ndikuilembera m'chitokosi. Sindikunyadira, koma sindinganame kuti ndikumva chisoni.

Tsono a Chimtengo, ndiyankheni pamaso pa anthu. Mawu oti m'kati ndi ovuta pati? Anakutumani ndani kuti mudule chinthu chimene simukuchidziwa ntchito yake? Kufunsa kukanakuchotserani ulemu wanji?

Inu nonse a kuno kumalire, ngati muli ndi chinthu chimene simungachipezenso mawa, musachisiye pakhomo pamenepo. Kumeneko munthu amamva ndi bulashi, makutu ali patchuthi.

Ku Lilongwe akupita a Zgambo. Dzulo anzanga anandimvera chifundo, ati nanenso ndikwere nawo, pakufunika munthu woima m'mbali mwa njira kuti azidzutsa magalimoto a ena akagubuduka. Ndavomera. A Chimtengo, ntchito imeneyo mwandipezera ndinu, ndipo pobwerera ndidzadutsa pakhomo panu.